Dzino limodzi la mu difu

Chinandiyambitsa zonsezi ndi phokoso. Galimoto yanga ndi pikapu yakale ya dizilo, ya magiya asanu, yokoka ndi matayala akumbuyo okha. Ikafika pa liwiro la makilomita 100 pa ola, injini inkalira ngati ikupempha giya ina. Dzanja langa linkapita lokha kukafuna giya ya 6, n'kubwerako chimanjamanja poti kulibe. Singano ya rpm, yoonetsa kuti injini ikuzungulira kangati pa mphindi, inkangokhala cha pa 2,600 ulendo wonse, ine maso ali pomwepo, mumtima ndikuwerenga madontho a dizilo. Ndinatsimikiza kuti injini yozungulira chonchi ikungomwa mafuta pachabe, ndipo mankhwala ake ndi kusintha magiya a mu difu.

Kwa amene sanagonepo pansi pa galimoto: mphamvu ikatuluka mu injini imadutsa mu giyabokosi, n'kutsata propshaft, chitsulo chachitali chozungulira cha pansi pa galimoto, mpaka kukafika mu difu, chimphika chachitsulo chija chili pakati pa matayala akumbuyo. M'menemo muli magiya awiri amene nkhani yonseyi yagonapo. Yaing'ono ndi pinion, imazungulira limodzi ndi propshaft. Yaikulu, yokhala ngati mbale ya mano, ndi crown wheel, ndipo ndi imene imazunguza matayala. Ukawerenga mano a yaikulu n'kugawa ndi mano a yaing'ono, nambala imene wapezayo ndiyo ratio ya difu. Mano 41 ndi 9 amapereka 4.56. Mano 41 ndi 10 amapereka 4.10. Mano 41 ndi 11 amapereka 3.73. Kusiyana kwa galimoto yolira ndi galimoto yoyenda mwakachetechete nthawi zina kumangokhala dzino limodzi pa pinion.

Kachitsulo kolembedwa ratio kamene kamamangidwa pa bawuti ya difu kanasowa kalekale pa galimoto yangayi, choncho ndinayeza ndekha. Ndinatchinga matayala akutsogolo ndi miyala, giya pa fili, n'kukweza tayala limodzi lakumbuyo ndi jeke, linzake lili pansi. Ndinalemba choko pa tayala ndi pa propshaft. Mwana wanga ankazunguza tayala pang'onopang'ono, ine ndili chagada pansi ndikuwerenga. Pa difu wamba, tayala limodzi likakhala pansi, lokwezedwalo liyenera kuzungulira kawiri, chifukwa timagiya tam'kati timachititsa kuti lizithamanga kuwirikiza kawiri. Tayala litazungulira kawiri, choko cha pa propshaft chinali chitadutsa kanayi ndi theka, kuposerapo pang'ono. Basi, 4.56. Mwanayo anafunsa ngati angazunguzenso, poti kwa iye anali masewera.

Apa pali msampha wa mawu umene umasokoneza anthu ambiri. Nambala ikakhala yaikulu, monga 4.56 kapena 4.88, amakaniko amati magiyawo ndi afupi: galimoto imadzuka ndi mphamvu, imakoka katundu bwino, koma pa msewu waukulu injini imazungulira kwambiri. Nambala ikakhala yaing'ono, monga 3.55 kapena 3.08, amati ndi aatali: injini imapuma pa liwiro, koma podzuka galimoto imakhala yaulesi. Ndiye wina akakuuzani kuti "kwezani ratio," mufunseni kaye kuti akunena nambala kapena liwiro. Ndinaonapo anthu awiri akukangana mpaka thovu kukamwa, chonsecho akunena chinthu chimodzi.

Masamu ake si ovuta, ndipo ndinawachita kuseri kwa envelopu. Matayala anga ndi 265/70R16. Kutalika kwake kuchokera pansi kufika pamwamba ndi mamilimita pafupifupi 777, ndiye likazungulira kamodzi layenda mamita 2.44. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, galimoto imayenda mamita 1,667 pa mphindi, kutanthauza kuti tayala limazungulira ka 683. Giya yanga ya 5 ndi 0.83, kutanthauza kuti propshaft ikazungulira kamodzi, injini yazungulira ka 0.83. Ukachulukitsa 683 ndi 0.83 ndi 4.56 umapeza 2,585, zofanana ndi zimene singano inkandiuza. Ukaika 4.10 m'malo mwake umapeza 2,324. Ukaika 3.73 umatsikira pa 2,115. Mtima wanga unathamangira pa 3.73, ndipo ndinapita kwa makaniko nambala imeneyo ili kale pakamwa.

Makaniko wangayo ndi bambo wachikulire, wosachedwa kukhumudwitsa munthu ndi chilungamo. Anamvetsera zonse, akupukuta manja ndi kasanza, kenako anafunsa funso limodzi:

"Achimwene, galimotoyi mumayenda nayo yopanda kanthu kangati?"

Ndinayankha kuti mwina theka la maulendo anga.

"Nanga theka linalo akunyamulirani ndani? Amene anaika 4.56 m'menemu sanali oledzera. Injini yanuyi ilibe turbo, mphamvu zake n'zomwezi. Mukaika 3.73 mudzasangalala mlungu umodzi, kenako mudzabwera kudzagula klatchi."

Tinakambirana mpaka tinagwirizana pa 4.10. Anati iye akanakonda ndisasinthe n'komwe, koma poti galimoto ndi yanga ndipo ndalama ndi zanga, agwira ntchitoyo. Anawonjezera kuti ndithokoze kuti si 4x4, chifukwa ikanakhala yotero tikanasintha kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Madifu awiri osiyana ratio amalimbana okhaokha ukangolowetsa 4x4, matayala akutsogolo akufuna liwiro lina, akumbuyo lina, mpaka china chake chithyoke.

Ine ndinkaganiza kuti, poti crown wheel yakale ili ndi mano 41 ndipo yatsopano ilinso ndi 41, tingosintha pinion yokha. Anandiseka. Magiya awiriwa amadulidwa kuti agwirizane okhaokha, amaperesedwa limodzi ku fakitale, ndipo amalembedwa nambala imodzi. Kapendekedwe ka mano a crown wheel ya pinion ya mano 9 n'kosiyana ndi ka ya mano 10. Amagulidwa awiri, amaikidwa awiri. Palinso vuto lina limene anayeza asanaitanitse chilichonse: pinion ya mano ambiri imakhala yonenepa, ndiye crown wheel iyenera kusendera kumbali. Pa madifu ena kusinthaku kukafika pena pake umasinthanso chimango chimene crown wheel imamangidwapo. Pa difu ya mtundu wa Dana 44 malire ake ali pakati pa 3.73 ndi 3.92, pa ya Dana 60 ali pakati pa 4.10 ndi 4.56. Yanga inapulumuka, chimango chakale chinakwana.

Tsiku loika magiyawo ndinakhala pomwepo, ndipo ndi limene linandichotsa maganizo oti ntchitoyi ndingaigwire ndekha Loweruka masana. Magiya a mu difu ndi a mtundu wotchedwa hypoid, umene kampani ya Gleason inapanga ndipo Packard inayamba kuika m'magalimoto ake mu 1926. Pinion siloza pakati penipeni pa crown wheel, imakhala m'munsi pang'ono, ndiye mano ake sangogundana, amakhulana. N'chifukwa chake difu imafuna oyilo wakewake wa GL-5, ndipo n'chifukwa chake kuphonya pang'ono poika kumamveka msewu wonse. Bamboyo anayamba ndi kuya kwa pinion, akuika ndi kuchotsa tizitsulo topyapyala ngati pepala totchedwa ma shim. Kenako anamangirira dial gauge, kachipangizo ka singano koyezera timipata ting'onoting'ono, n'kumagwedeza crown wheel ndi zala kuti aone mpata wa pakati pa mano, umene amautcha backlash. Pa madifu ambiri a magalimoto ngati yangayi mpatawu umakhala pakati pa mamilimita 0.15 ndi 0.25, kunenepa kwa mapepala awiri kapena atatu. Atakhutira, anapaka penti yachikasu pa mano angapo, n'kuzunguza uku atapanikiza crown wheel ndi chigamba. Pomwe mano akhudzana penti inachoka. Chipsera choyamba chinali m'mphepete mwa dzino. Anapukusa mutu, n'kumasula zonse. Chachiwiri chinapita pansi kwambiri. Anamasulanso. Kachitatu chipsera chinakhala pakati, chooneka ngati dzira logona, mbali yokoka ndi mbali yotsetsereka yomwe. Ndi pamene anapempha madzi akumwa. Tinasinthiratu mabeyaringi ndi ma seal, poti kutsekula difu kawiri n'kudzizunza.

Anandilangiza kuti magiya atsopano amatentha: ndiyende mphindi 20, ndiime azizire, ndichite zimenezo kangapo, ndisakoke ngolo kapena kusenza katundu wolemera mpaka makilomita 800, kenako ndidzasinthe oyilo. Ndinamvera. Oyilo woyambayo anatuluka wotuwa, wonyezimira ndi fumbi lachitsulo.

Kenako panabwera manyazi anga.

Ndili ndi kabuku kamene ndimalembamo malita ndi makilomita nthawi iliyonse ndikadzaza thanki. Kwa zaka, galimotoyi inkamwa malita 10 pa makilomita 100, kusuntha pang'ono uku ndi uku. Nditadzaza thanki yoyamba pambuyo pa ntchitoyi, masamu anandipatsa pafupifupi 12. Ndinawerengeranso. Ndinati mwina magiya akadali olimba. Thanki yachiwiri, chimodzimodzi. Kunyumba ndinangoti zii, poti ndinali nditalalika kwambiri za mafuta amene tipulumutse. Chinkandidabwitsanso china: singano ya rpm pa 100 inali pomwe paja, cha pa 2,600, ngati palibe chimene tasintha, ndipo magalimoto amene kale ankandipitirira tsopano ndinkawapitirira ndine.

Ndinabwerera kwa makaniko uja nkhope ili gwa. Anandimvetsera, n'kufunsa kuti foni yanga ili ndi GPS. Tinakwera, iye atagwira foni. Sipidomita itafika pa 100 anandionetsa: 111.

Pa galimoto yangayi sipidomita imawerenga kuchokera kumchira kwa giyabokosi. Imawerenga kuzungulira kwa propshaft, siidziwa zimene zachitika mu difu. Propshaft ikazungulira monga inkachitira pa 100, iyo imati 100, pamene matayala tsopano akuzungulira kwambiri. Choncho milungu yonseyo ndinkathamanga 111 ndikuganiza kuti ndili pa 100, ndipo pa makilomita 100 alionse amene ndinayenda, mita inkalemba 90. Ndinalakwa mbali ziwiri nthawi imodzi: ndinkawotcha mafuta ambiri chifukwa cha liwiro, n'kumawagawa ndi mtunda wochepa. Mwayi wake sindinakumane ndi kamera ya apolisi. Magalimoto amene amatenga liwiro pa masensa a ABS a m'matayala alibe vuto limeneli, koma ena amafuna kusintha kagiya ka sipidomita kapena kukonza nambala mu kompyuta ya galimoto. Bamboyo anavomera kuti anayenera kundiuza. Ine ndinayenera kudziwa, poti masamu onse aja anali kuseri kwa envelopu yanga yomwe.

Titakonza sipidomita ndinayambiranso kulemba, ndipo patapita miyezi chithunzi chake chinaoneka. Pa msewu wautali wopanda zikweza, galimoto ilibe katundu, pa liwiro lenileni la 100, ndinkapulumutsa pafupifupi lita 0.4 pa makilomita 100. M'tauni, moimaima, palibe chinasintha, chifukwa kumeneko sufika n'komwe pa giya ya 5. Umangokhalitsa pa giya yotsika kuti upeze mphamvu yomwe ija. Ndikasenza katundu pa msewu wa zikweza, kabuku kankaonetsa zofanana ndi kale, nthawi zina kuipirapo.

Za zikwezazi ndi zimene sindinaganizireko ngakhale pang'ono. Kuchoka pa 4.56 kupita pa 4.10 kumachotsa gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yokankha imene imafika pa matayala, pa giya iliyonse. Chikweza chimene kale ndinkakwera pa giya ya 5, injini ikulira koma ikukoka, tsopano chimandikakamiza kutsikira pa 4. Giya ya 4 ndi 1:1, ndiye pa liwiro la 100 injini imafika 2,800, kuposa 2,585 imene ndinkaithawa ija. Ndikachita makani n'kukhalabe pa 5, ndimaponda moto mpaka pansi, galimoto imanjenjemera, kumbuyo kukutuluka utsi wakuda. Utsi umenewo ndi dizilo amene sanapse bwino, ndipo injini yokakamizidwa pa rpm yotsika imatentha m'kati ndi kupweteka mabeyaringi. Podzuka pa chikweza ndi katundu, klatchi ndimaigwira nthawi yotalikirapo kuposa kale, ndipo fungo lake ndalimvapo kawiri. Ndikaganiza kuti ndinkafuna 3.73, ndimawathokoza bambo aja chamumtima.

Ndinadzamvetsa mochedwa kuti difu sichepetsa ntchito imene galimoto ikugwira. Kuti pikapu iyende pa 100, iyenera kung'amba mphepo, kugudubuza matayala ndi kusenza kulemera kwake, ndipo mphamvu yofunika pa zimenezi ndi yomweyo kaya mu difu muli magiya anji. Chimene ratio imasintha ndi pamene injini ikugwirira ntchitoyo: kuzungulira msanga ikukankha pang'ono, kapena kuzungulira pang'onopang'ono ikukankha kwambiri. Injini iliyonse ili ndi malo amene imapereka mphamvu zambiri pa dontho lililonse la mafuta, ndipo pa dizilo malowa amakhala pafupi ndi rpm imene imakoka kwambiri, itasenzedwa ndithu. Ikazungulira kupitirira pamenepo, mafuta ena amathera pa kukhulana kwa mapisitoni, kupopa oyilo ndi madzi, ndi kukoka mpweya. Zimenezo ndi zokhazo zimene ungapulumutse. Injini ya petulo imapindulako pang'ono kuposa apa, chifukwa ukaponda moto pang'ono imavutika kukoka mpweya kudzera pa kakhomo kotsekeka, ndipo magiya aatali amachititsa kuti kakhomoko katsegukeko.

Mphepo ndiye mbala yaikulu. Kukana kwa mphepo kumakula mowirikiza liwiro ndi liwiro lomwe. Kuchoka pa 90 kufika pa 110, liwiro lakwera ndi 22 peresenti koma mphepo yokukankha yakwera ndi 49 peresenti. Pa 111 ija ndinkalimbana ndi mphepo yoposa ya pa 100 ndi pafupifupi kotala. Ndinayesa mwezi wathunthu osapitirira 90, ndipo mafuta amene ndinapulumutsa anaposa a magiya atsopano kuwirikiza. Sizinafune sipanala kapena shim. Zinangofuna kuti ndizinyamuka msanga, chimene kwa ine n'chovuta kuposa kutsekula difu.

Sikuti ganizo lotsitsa rpm ndi lopusa. Opanga mathiraki akuluakulu a maulendo ataliatali akhala akuchita zimenezi kwa zaka, ndipo amazitcha downspeeding. Mu 2011 Volvo inatulutsa ku North America mathiraki a XE13, okhala ndi difu ya 2.64, amene injini yake ya malita 13 imazungulira 1,150 pa liwiro la makilomita pafupifupi 105 pa ola. Mawerengedwe amene makampani oterewa amagwiritsa ntchito ndi akuti rpm ikatsika ndi 100, mafuta amatsika ndi 1 kapena 1.5 peresenti. Ineyo ndinatsitsa 260, ndiye zimene ndinapeza sizikutalikirana ndi mawerengedwe amenewo. Koma taonani zimene iwo amasintha pamodzi ndi difu: injini yokonzedwa kuti izikoka kwambiri pa rpm yotsika, giyabokosi ya magiya 12 yosintha yokha, propshaft ndi majoini olimbirapo, chifukwa mphamvu yomweyo ikamadutsa pa shafiti yozungulira pang'onopang'ono imaipotokola kwambiri. Ndiponso thiraki yotere imayenda makilomita oposa 100,000 pa chaka, pafupifupi onse pa liwiro limodzi, ikumwa malita makumi atatu ndi kuposerapo pa makilomita 100. Pamenepo 3 peresenti ndi migolo ya dizilo. Mathiraki akale apakati anali ndi yankho lina limene ndimalisirira: difu ya ma ratio awiri, monga za Eaton, dalaivala n'kumangokoka kabatani pa ndodo ya giya, yaifupi pokwera, yaitali pa msewu woongoka.

Aliyense amene akuganiza zosintha, achite masamu amene ine ndinawazemba. Tengani ndalama zonse za magiya, mabeyaringi, oyilo ndi makaniko, muone kuti zingagule malita angati a mafuta. Tinene kuti ndi malita 500. Ngati mukupulumutsa lita 0.4 pa makilomita 100, muyenera kuyenda makilomita 125,000 kuti zibwerere, ndipo makilomita ake ndi a msewu waukulu okha, galimoto yopepuka. Ngati ndi 4x4, wirikizani. Kwa galimoto yakale ngati yanga, n'zotheka kuti thupi lidzatha dzimbiri difu isanabweze ngongole yake.

Pali nthawi zimene ndingavomereze mosakayika. Ngati difu yafa kale, ikulira kapena yathyoka mano, ndipo mugula magiya atsopano mulimonse, kusankha ratio ina sikuwonjezera mtengo kwenikweni. Ngati munagula galimoto yopangidwira kukoka ngolo koma inu mumangoyenda nayo maulendo aatali yopanda kanthu, ndipo injini yake ili ndi turbo ndi mphamvu zotsala, kutsitsa nambala ya ratio ndi sitepe imodzi kungakukomereni. Ndipo pali anthu amene ayenera kupita mbali inayo. Mnzanga wina anachotsa matayala ngati angawa n'kuika 285/75R16, aatali mamilimita 834. Kukula kumeneko, 7 peresenti, kunasandutsa difu yake ya 4.10 kukhala ngati 3.82, kuwonjezera kulemera kwa matayalawo ndi kukwera kwa galimoto. Anayamba kudandaula kuti giya ya 5 yasanduka yokongoletsa. Kwa iyeyo, magiya a nambala yaikulu ndi amene angabweze injini pamalo pake ndi kuchepetsa mafuta. Asanafike pa zonsezi, munthu ayang'ane mpweya wa m'matayala, fyuluta ya mpweya, mabuleki ogwira, ma injector, ndi zitsulo zimene akungoyenda nazo padenga chaka chonse.

Ine 4.10 ndinaisiya momwemo. Kubwezeretsa 4.56 kungakhale kulipira kawiri, ndipo pali chinthu chimodzi chimene ndinapeza chosalembeka m'kabuku: pa ulendo wautali tsopano timatha kucheza m'galimoto osakuwa, ndipo ndimatsika mutu usakulira. Magiya akale ndinawapaka girisi, ndinawakulunga m'chiguduli, ali m'bokosi pansi pa shelefu. Bambo aja anati ndisawagulitse mpaka klatchi iyi itatha, tidzaone kuti yakhala makilomita angati. Mlungu wathawu ndinanyamula matumba a simenti, ndipo pa chikweza choyamba, singano isanatsike n'komwe, dzanja linali litapita kale pa ndodo kukafuna giya ya 4.